Kwa a Meya a Busan ndi mabwana a kasitomu: msika wa Gukje si pojambulira zithunzi chabe

Olemekezeka a Meya,
akuluakulu a boma la Jung-gu, dera limene muli misikayi,
ndi inu mabwana a kasitomu padoko la Busan ku South Korea,

Landirani moni wanga mwaulemu.

N'kovuta kupeza kabuku kokopa alendo kotuluka m'maofesi mwanu kopanda chithunzi cha msika wa Gukje kapena mnansi wake wa kutsidya kwa msewu, Bupyeong Kkangtong. Mumainyadira misikayi, ndipo m'pake kutero. Koma taonani zimene mumajambula: nthunzi ikufuka pa miphika ya eomuk, chakudya chopangidwa ndi nsomba yopera, nyali za usiku, achinyamata atakweza mafoni m'mwamba. Anthu amene anaitchukitsa misikayi, ogulitsa katundu wochokera kunja, m'zithunzimo mulibe. Ndalemba kalatayi chifukwa cha iwowo. Ine ndine wobwera mumzinda wanu, wogula wamba, ndipo palibe wa pamsikapo amene wandituma.

Dandaulo langa ndi limodzi. Chiyambire, boma lawaona anthu amenewa m'njira ziwiri zokha. Kale linkawaona ngati ozembetsa katundu oyenera kusakidwa. Lero likuwaona ngati zokometsera mzinda alendo akabwera. Zowatenga ngati amalonda enieni, anthu okhala ndi mpamba, lendi, ngongole ndi nkhawa ya amene adzalowe m'malo mwawo, kumeneko simunafikeko.

Mbiri ya msikawu mukuidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndikukumbutseni, poti pempho langa latsamira pomwepo. Mu 1945 dziko la Japan litagonja, nzika zake pochoka zinkagulitsa zimene sizikanatha kunyamula, ndipo anthu a ku Korea obwerera kwawo kudzera padokoli ankagulitsanso tomwe anabwera nato kuti apeze ya ulendo. Malondawo ankachitikira pabwalo lopanda kanthu ku Sinchang-dong. Panalibe pulani ya khonsolo, panalibe nduna yodzaika mwala wa maziko. Mu 1948 panamangidwa nyumba zamatabwa n'kuutcha msika wa Jayu, ndipo mu 1950 dzina linasintha kukhala Gukje. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho nkhondo ya ku Korea inabuka. Busan inakhala likulu longogwirizira kwa masiku 1,023, ndipo mzinda umene mu 1949 unali ndi anthu osakwana 500,000 unadutsa 800,000 pofika 1951. Mu Disembala 1950 mokha anthu wamba pafupifupi 100,000 anasamutsidwa pa sitima zapamadzi kuchoka ku Hungnam kumpoto. Munthu wofika motero alibe munda, alibe mbale womubwereka ndalama, alibe womulemba ntchito. Chimene anali nacho n'kansalu koyala pansi, ndi chilichonse chimene akanapeza choikapo.

Nanga choikapocho chikanachokera kuti, dziko lili phulusa lokhalokha, mafakitale atagumuka? Chinkachokera m'misasa ya asilikali a ku America: nyama yam'chitini, khofi, chokoleti, ndudu, mabulangete, ndi mayunifolomu amene ankawanyika mu utoto wakuda kuti asadziwike kumene achokera. Zina zinali zovala zachithandizo zobwera m'mabelo. Zina zinkaoloka nyanja usiku kuchokera ku Tsushima, chilumba cha Japan chimene chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 basi. Msika wa Bupyeong ndi wakale kuposa pamenepa, unayamba mu 1910 m'nthawi ya atsamunda, koma dzina loti Kkangtong, chitini, unalitenga chifukwa cha zam'chitini za asilikali zomwezi. Pambuyo pake asilikali a Korea amene anakamenya nkhondo ku Vietnam ankanyamukira ndi kutsikira padoko lomweli, ndipo mabokosi amene ankabwera nawo ambiri ankathera m'tinjira ta msikawu. Sitima ya pakati pa Busan ndi Shimonoseki ku Japan itayamba kuyenda mu 1970, panabadwa gulu lina, amayi onyamula mitolo, amene ankagona m'sitima usiku n'kutsika m'mawa ndi zodzoladzola, ziwiya za kukhitchini ndi miphika yamagetsi yophikira mpunga.

Pa 30 Januwale 1953 moto unapsereza msikawu pamodzi ndi nyumba zambirimbiri zozungulira, anthu zikwizikwi n'kugona pamphepo pakati pa nyengo yozizira. Anabwerera, nayalanso malonda pamalo pomwepo. Mu 1961 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mitundu ina ya katundu wakunja, ndipo linakhalapo mpaka 1982. Zaka zonsezo wamalonda ankagulitsa diso lili kumsewu, katundu weniweni atamubisa kuseri, wapatebulo ali wongonamizira. Sindikunena kuti onse anali oyera ngati angelo. Kuzembetsa kunalipo, kunalemeretsa ena, ndipo boma linali ndi chifukwa chake chotetezera mafakitale amene anali akungoyamba kumene. Koma tisanamizane, mabwana. Amene ankagula khofi ndi mafuta odzola obisidwawo sanali osauka a m'zisakasa za m'mapiri. Ankagula ndi a m'nyumba zabwino. Wogula ankapita kwawo mwaulemu wake, wogulitsa ndiye ankalandidwa katundu.

Zimene apolisi ndi a kasitomu analephera kuthetsa, ufulu wa malonda unadzazifooketsa wokha. Mu 1989 anthu analoledwa kupita kunja momasuka, aliyense n'kumabwera ndi sutikesi yake yodzaza. Mu 1996 dziko linatsegula khomo kwa makampani akunja a masitolo akuluakulu. Mu 2009 Costco inafika mu Busan, ndipo chaka chomwecho Lotte inatsegula sitolo yake yaikulu ku Gwangbok, pamalo pomwe panali likulu la khonsolo yanu musanasamukire ku Yeonsan-dong mu 1998. Kuchoka pamsika kukafika pamenepo ndi ulendo wapansi. Mapangano a malonda ndi European Union mu 2011 ndi America mu 2012 anatsitsa misonkho pa katundu wambiri. Msasa wa asilikali a ku America wa Hialeah, umene kale unali kasupe wa zinthu za ku America, unatsekedwa mu 2006, ndipo lero ndi paki yopumulirako mabanja. Kenako panabwera foni. Wachinyamata wa lero amaoda chinthu pa AliExpress kapena Temu ali gone pabedi, n'kuchipeza pakhomo pasanathe sabata.

Zonsezi sindikupempha kuti zibwerere m'mbuyo. Palibe wanzeru amene angalakelake masiku amene sopo wabwino ankagulidwa monong'ona. Koma ena m'maofesi mwanu akuoneka kuti anagamula kale kuti popeza katundu wakunja ali ponseponse, ogulitsa akalewa ntchito yawo inatha, chatsala n'kudikira kuti akalambe, mashopu awo asanduke malo omwera khofi. Pamenepo ndi pamene ndikusiyana nanu.

Lowani m'tinjira ta katundu wakunja ta ku Kkangtong masana a pakati pa sabata. Njira yake n'njoti anthu awiri akakumana, wina ayenera kupendekeka. Mashelefu afika kudenga, ali thithithi: maswiti a ku Japan, mabotolo a kachasu wa ku Scotland, tiyi, sosi, zowengera zikhadabo, malezala, masokosi otenthetsa. Tsiku lina ndinapita ndi fulasiki ya ku Japan imene inayamba kudontha. Agogo ena a pashopu ya ziwiya sanafunse nambala yake kapena chaka chimene inapangidwa. Anatsegula chivindikiro, nakanikiza kamphira kam'kati ndi chala chachikulu, naweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa chitini chakale cha mabisiketi chodzaza timiphira ta misinkhu yosiyanasiyana. Kachiwiri kamene anayesa kanalowa ndendende. Anathiramo madzi, naizondotsa pamaso panga, osadontha ngakhale dontho limodzi. Ndinali wokonzeka kugula fulasiki yatsopano, ndipo inali pomwepo pashelefu, koma anandiuza kuti yangayo idakali ndi moyo.

Chimene agogowo amagulitsa kwenikweni si kamphirako. Amagulitsa zaka zawo zogwira katundu ndi manja, zodziwa chenicheni ndi chonamizira, zodziwa kampani imene inasintha fakitale katundu wake n'kuyamba kufooka. Chithunzi cha pa intaneti sichingakuuze zimenezi, ndipo m'sitolo yaikulu wachinyamata wovala yunifolomu adzangokulozera shelefu. M'kanjira ka kaunjika ka ku Gukje n'chimodzimodzi. Zovala zili mbwee pansi, zina za 1,000 won, achinyamata atanjuta akusanthula mulu, koma mwini wake akangogwira msoko wa jekete amadziwa ngati ili yopita pamulu kapena yopachika pahang'ala. Luso lotere silili m'buku lililonse. Mwini wake akatseka shopu, lapita naye.

Tsopano ndibwere kwa inu a kasitomu, chifukwa pamene pakupweteka kwambiri ndi pamenepa. Munthu akaoda katundu kunja kuti agwiritse ntchito yekha, ngati mtengo wake sukupitirira madola 150 a ku America, salipira msonkho uliwonse, ndipo pa katundu wina wochokera ku America malire ake ndi madola 200. Sasowa kumata chikalata cha m'Chikoreya, sasowa kupititsa kanthu kokapimidwa. Wobwera pandege kapena pasitima amaloledwa katundu wa madola 800 wopanda msonkho kuyambira mu 2022. Koma wa pashopu akafuna kuitanitsa bokosi la maswiti omwewo kuti agulitse, ayenera kulembetsa ngati woitanitsa zakudya, kudziwitsa unduna woona za chitetezo cha zakudya ndi mankhwala nthawi iliyonse katundu akamalowa, kulipira yekha zokapimitsa mtundu uliwonse umene ukulowa koyamba, kumata chikalata cha m'Chikoreya pa paketi iliyonse, kenako msonkho wa kasitomu, umene pa katundu wambiri ndi 8 peresenti, ndi VAT ya 10 peresenti pamwamba pake. Zamagetsi zimafunanso chizindikiro cha KC, chotsimikizira kuti katundu wapimidwa ndipo si woopsa. Kampani yoitanitsa makontena athunthu ndalama zimenezi siizimva, imazimwaza pa mapaketi zikwizikwi. Koma shopu ya mamita awiri imene mphamvu yake ndi kukhala ndi mitundu yambirimbiri, uliwonse pang'onopang'ono, ingapimitse bwanji mtundu uliwonse payokha? Phindu la chaka chonse lingathere pomwepo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa ndinu amene mumabwera kudzagwira. Ena amangopikula kwa makampani akuluakulu omwewo n'kumagulitsa zimene zili kale m'sitolo iliyonse, pamtengo wokwera, n'kumangodikira kugwa. Ena amabwerera ku njira yakale ya mitolo, kugulitsa katundu amene analowa ngati wogwiritsa ntchito munthu payekha, chomwe ndi mlandu. Ndiye mumalanda, mumalipiritsa chindapusa, atolankhani amajambula, pakapita miyezi zinthu zili momwe zinalili. Mu Meyi 2024 boma linalengeza kuti liletsa kuoda kunja mitundu 80 ya katundu wopanda chizindikiro cha KC, ogula a pa intaneti atakuwa, linabweza mawu ake pasanathe sabata. Sindikudandaula kuti linamvera anthu. Ndikungoona kuti ogula mamiliyoni akafuula pa intaneti makutu amatseguka msanga, pamene agogo a m'kanjira, amene akhala akulira za kusiyana kwa malamuloku, alibe pofuulira.

Sindikupempha kuti mutsinzine pa malamulo. Ndikupempha kuti njira yolondola ikhale yoti munthu wa mpamba wochepa angathe kuyendamo. Ikani ofesi yaing'ono mkati mwa msika momwemo, yoyendetsedwa ndi bungwe la amalonda, khonsolo ikulipira katswiri wa zikalata za kasitomu. Mashopu khumi ofuna tiyi wa mtundu umodzi aitanitse pamodzi, apimitse kamodzi, zikalata za m'Chikoreya zisindikizidwe pomwepo. A kasitomu atumize munthu wodzaphunzitsa, osati wodzagwira yekha, ndipo abwere nthawi imene mashopu sanatanganidwe, alankhule chinenero chimene munthu wa zaka 70 angamve, osati kumupatsa adiresi ya pa intaneti kuti akawerenge yekha. Shopu imene katundu wake yense walowa moyenera ipatsidwe chizindikiro chopachika pakhomo, choti wogula adziwe. Ndalama zake sizingafike ngakhale pa zimene mumathera pomanga chipata chimodzi chokongola cha pakhomo la msika. Busan ndi limodzi mwa madoko akuluakulu a makontena padziko lonse. N'zochititsa manyazi kuti mumzinda wotere, munthu woitanitsa makatoni asanu akusowa khomo lolowera.

Pa mankhwala pokha ndili kumbali yanu kwathunthu. Si chinsinsi kuti m'tinjira timeneti mumapezeka mankhwala a m'mimba, a chimfine ndi zomata pamsana za kunja, pamene lamulo limati mankhwala agulitsidwe ku famase, kupatula mitundu yochepa yololedwa m'masitolo otsegula usiku wonse. Munthu kumwa mapiritsi amene malangizo ake sangathe kuwerenga ndi kusewera ndi moyo, ndipo mbiri ya msika, ikhale yokoma bwanji, singakhale chifukwa cholekerera zimenezo. Gwirani ndithu. Kungoti mukatseka khomo limeneli, lina la malonda ololedwa likhale lotsegula, apo ayi mudzangokankhira malondawo kuseri kwa tebulo monga zinalili mu 1961.

Kwa inu a Meya, nkhani ndi ya lendi. Mu Disembala 2014 munatuluka filimu yotchedwa ndi dzina la msikawu, ndipo matikiti opitirira 14 miliyoni anagulidwa. Anthu anakhamukira ku Gukje kudzaona shopu ina imene inaonekamo. Kanjira kanadzaza moti oyandikana nayo ankadandaula kuti makasitomala awo akusowa podutsa. Ambiri ankangojambula n'kumapita osagula kanthu. Koma kutchukako kunamveka kwa amene ankachititsa lendi malowo, ndipo pofika nthawi yokonzanso pangano, woyendetsa shopuyo anauzidwa kuti apereke 50 miliyoni won ngati ndalama ya malo, ija amati gwolligeum. Analengeza kuti atsitsa chikwangwani. Nkhani itafala dziko lonse kumayambiriro kwa 2015, khonsolo inalowererapo ndipo shopuyo inapulumuka. Munachita bwino. Koma inapulumuka chifukwa inali m'filimu. Yoyandikana nayo, yogulitsa maloko kapena mabatani, ikanakwezeredwa lendi, ndani akanamva?

Walira mvula walira matope. Mukaitana alendo, mwaitananso kukwera kwa lendi, ndipo amene amayamba kukankhidwira kunja ndi wa malonda oyenda pang'onopang'ono. Wogulitsa chakudya chodyera m'manja angagulitse kwa anthu mazana pa tsiku. Wogulitsa timiphira ta fulasiki sangapikisane naye pa lendi. Lamulo loteteza ochita lendi m'nyumba za malonda lakonzedwa kangapo: mu 2015 linayamba kuteteza ndalama ya malo ija, mu 2018 ufulu wokonzanso pangano unachoka pa zaka zisanu kufika khumi, misika yachikhalidwe inalowetsedwa m'chitetezocho, ndipo kukweza lendi kunaikidwa malire a 5 peresenti. Zonsezi n'zabwino, koma zaka khumi zimatha, ndipo wochita lendi kwa wochita lendi mnzake, monga zinalili pa shopu ya m'filimu ija, amakhala pamalo oterera. Pempho langa ndi lakuti ndalama za boma zisamalowe m'kanjira kalikonse, kaya n'zofolera denga kaya n'zokonza pansi, eni nyumba asanasaine kuti sakweza lendi kwa zaka zingapo. Mukapanda kutero, msonkho wa anthu ukukometsa nyumba ya mwini, mwiniyo n'kuthamangitsa wamalonda amene mumati mukumuthandiza. Ndipo shopu zimene zatsekedwa m'nyumba zosanja za Gukje, khonsolo igule kapena ichite lendi zingapo, izipereke motchipa kwa ofuna kupitiriza malonda akalewa.

Msika wa usiku umene unatsegulidwa ku Bupyeong mu Okutobala 2013, woyamba wa tsiku ndi tsiku m'dziko lonse, ndilibe nawo chifukwa. Unabweretsa anthu kudera limene dzuwa likalowa linkangoti zii, ndipo mizinda ina inatengera. Koma onani nthawi yake. Ngolo za zakudya zimalowa madzulo pamene mashopu ambiri a katundu akutsitsa zitseko. Unyinji umene mumawerenga m'malipoti mwanu ndi unyinji wodutsa pamaso pa zitseko zotseka. Ofesi ikanena kuti msika watsitsimuka, ndimafuna kufunsa kuti msika wake uti, wa mbale kapena wa shelefu?

Pa 6 Disembala 2023, patangopita sabata Busan italephera kupeza mwayi wochititsa chionetsero cha dziko lonse lapansi cha Expo ya 2030 pamene Riyadh inapeza mavoti 119 inu 29, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo anabwera ku Kkangtong ndi akuluakulu a makampani otchuka, atsogoleri a Samsung ndi LG ali pomwepo. Anaima pamzere ndi timbale ta tteokbokki, chakudya cha ufa wa mpunga cha tsabola, m'manja, zithunzi n'kuzungulira dziko lonse. Ndi mwambo wakale umenewu, andale onse amautsata mosayang'ana chipani: mitima ya anthu ikawawa, thamangira kumsika ukadye pagulu. Wogulitsa tteokbokki anapindula, ndipo ndikumufunira zabwino. Koma pa gulu lonse lija la anthu odziwa za kuitanitsa ndi kutumiza katundu kuposa wina aliyense m'dzikoli, zithunzi zimene tinaona zinali za pa mbale zokhazokha.

Za moto sindiyenera kukuphunzitsani, koma ndinena. Nyumba za Gukje ndi zakale, zosanja kamodzi, zolumikizana ndi timilatho, ndipo m'mwamba mwake mwadzaza nsalu, mabulangete, mapepala ndi pulasitiki. Kwezani maso m'tinjira tina muone mawaya a magetsi mmene apotanirana, ena akale ena atsopano, pamene shopu iliyonse yawonjezera firiji, chotenthetsera m'nyengo yozizira ndi choziziritsira m'chilimwe. Pa 14 Novembala 2009 moto unabuka m'nyumba yophunzirira kuombera mfuti ku Sinchang-dong komweko, anthu 15 anafa, 10 mwa iwo alendo a ku Japan. Pa 30 Novembala 2016 msika wa Seomun ku Daegu unapsa usiku, mashopu 679 n'kutheratu psiti. Mu Januwale 2024 msika wa ku Seocheon unataya mashopu 227, nawonso usiku. Moto wa m'misika umakonda nthawi imene kulibe munthu, ndipo nthawi zambiri umayambira pa waya. Denga lokongola limene mumafolera tinjira limateteza ogula ku mvula, koma likhozanso kutsekereza utsi, ndipo likakhala la pulasitiki limathandiza moto kuyenda. Kusintha mawaya m'makoma kulibe riboni yodula, n'chifukwa chake kumatsalira m'mbuyo pa bajeti. Yambani ndi kumeneko. Onaninso kuti ndi mashopu angati amene ali ndi inshulansi, chifukwa kwa wogulitsa katundu wakunja mpamba wonse uli pashelefu. Ukapsa, pa msinkhu umene ambiri afikapo, palibe kuyambiranso monga anachitira makolo awo mu 1953.

Msinkhuwo ndi nkhani ina payokha. Busan inali ndi anthu pafupifupi 3.9 miliyoni chapakati pa zaka za m'ma 1990, lero atsika kufika cha m'ma 3.3 miliyoni, ndipo mu 2021 unakhala mzinda waukulu woyamba m'dzikoli kumene munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo. Achinyamata akuthamangira ku Seoul. Pamsika zimenezi sizisowa chiwerengero, imvi zikuoneka zokha kuseri kwa matebulo. Ana awo ambiri anawaphunzitsa sukulu ndi ndalama za pashopu pomwepo n'cholinga choti asadzakhale pashopu, ndipo palibe angawadzudzule. Boma layesa kubweretsa achinyamata m'misika powapatsa malo awoawo m'chipinda chapamwamba kuti atsegule tinthu tawo tatsopano, ndipo m'mizinda yambiri thandizo likangotha malowo amakhala mabwinja. Cholakwika n'chakuti mumawaika pambali pa akuluakulu m'malo mowaika pamapazi pawo. Lipirani wachinyamata kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kuti akhale m'shopu ya agogo, aphunzire katundu, adziwane ndi opikulitsa a ku Osaka ndi Fukuoka, iye n'kubweretsa zimene akudziwa: kutsatsa pa intaneti, kulandira ndalama za pafoni, kulankhula ndi alendo. Mumzinda muno mulinso anthu ambiri ochokera ku Vietnam, Philippines, Uzbekistan ndi maiko ena, amene amasowa zinthu za kwawo ndipo amadziwa kumene zimapezeka. Msika umene unamangidwa ndi othawa nkhondo suyenera kuchita nawo manyazi obwera atsopanowa. Apatseni malo, ndi ofesi ija yothandiza pa zikalata.

Makuponi a Onnuri ogulira m'misika yachikhalidwe, amene anayamba mu 2009, ndi lamulo la 2012 lotseketsa masitolo akuluakulu kawiri pamwezi, zinathandiza wogulitsa ndiwo ndi nsomba. Wogulitsa katundu wakunja mpikisano wake suli kutsidya kwa msewu kokha, uli m'thumba la wogula aliyense, ndipo foni siitseka Lamlungu. Mankhwala amodzi sangachize misika yonse, choncho musamawerengere Gukje pamodzi ndi msika wa nsomba wa Jagalchi ngati kuti matenda awo ndi amodzi.

Ndikupempha yankho la pagulu, osati kalata yondithokoza chifukwa cha maganizo anga. Tiuzeni kuti mu Gukje ndi Bupyeong Kkangtong mwatsala mashopu angati ogulitsa katundu wochokera kunja, ndipo zaka khumi zapitazo analipo angati. Tiuzeni kuti mawaya a nyumba iliyonse anayenderedwa liti komaliza, ndi zimene oyenderawo anapeza. Ndipo a kasitomu atiuze ngati ali okonzeka kukhala pansi ndi bungwe la amalonda pa nkhani ya kuitanitsa katundu pamodzi bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe.

Ine wanu mwaulemu,
Wokhala mumzinda wanu, wogula pamsikawu